Nkhalamba ya ku Louisiana Inalankhula Cicewa ca ku Katete

M'caka ca 2024, pamene mvula inakana ndipo madzi anacepa ku Kariba, ife a m'tauni ya Kafue tinali kukhala maola ambiri opanda magetsi, cinkana makina a ku Kafue Gorge ali pafupi nafe ndithu. Wailesi ya kanema inakhala cete, mafoni a ana anali kuzima dzuwa lisanalowe, ndipo banja langa linabwerera ku cizolowezi cimene tinacitaya kale, ndico kukhala pa khonde madzulo ndi kuceza. Inu a ku midzi mudzatiseka, pakuti kwa inu mdima si nkhani.

Masiku amenewo mdzukulu wanga wamkazi, amene anali atatsiriza Giredi 12, anagula buku lakutha kwa anyamata oyala mabuku pansi ku Lusaka. Dzina lace ndi Tall, Dark, and Cajun, lolembedwa ndi Mai Sandra Hill a ku Pennsylvania m'dziko la Amereka, ndipo linaturuka mu 2003. Mtsikanayo anali kuliwerenga ndi toci pa ngodya, namaseka yekha mpaka misozi. Tsiku lacitatu agogo ace aakazi analephera kupirira. "Iwe, kuseka wekha usiku ndi misala. Tigawireko nafenso." Kuyambira pamenepo iye anali kuwerenga tsamba m'Cingelezi camumtima, kenaka natifotokozera m'Cinyanja. Ndinakumbukira zaka za m'ma 1970, pamene tinali kuzinga wailesi imodzi kumvetsera Julius Chongo mu Poceza m'Madzulo.

Nkhani yace njosabvuta. Mkazi wa mu mzinda waukuru, dzina lace Rachel, asiya mwamuna amene anali naye pa ubwenzi, napita ku madambo a Louisiana kukaona agogo ace amene sanawadziwe ciyambire. Kumeneko akomana ndi Remy, woyendetsa ndege ya helikopita, amene mbali imodzi ya nkhope yace inapsa ku nkhondo. Awiriwa akondana, akangana, akondananso, monga acitira anthu a m'mabuku otere. Koma mwini nkhani weniweni ndi nkhalamba ina yochedwa Tante Lulu, ndiko kuti Azakhali a Lulu, sing'anga wa zitsamba amene sagona tulo pofuna kukwatitsa anyamata onse a pa mtundu pace. Anthu onsewa ndi a mtundu wa Cajun, liu limene eni ace alichula ngati Keijani.

Sabata isanathe khonde linadzaza. Anali kubwera aneba athu, Mubemba wopuma nchito ya njanji. Mai wina mphunzitsi wopuma amene tipemphera naye. Ndi mlamu wanga, msodzi wa ku Chanyanya, amene anali kugona kwathu pobwera kudzagulitsa nsomba. Ndipo ali yense anali ndi ciweruzo cace pa bukulo.

Mkazi wanga anawakonda Azakhali a Lulu kuyambira tsiku loyamba. Anati uyu ndiye namkungwi weniweni, ndipo anaseka kwambiri pakumva kuti nkhalambayo ikonzera anyamata bokosi la nsalu ndi ziwiya za ukwati, cinthu cimene ngakhale kwao komweko acitira atsikana. Cimene cinamnyansa ndi cakuti mnyamata ndi mtsikana anali kufika patali popanda ankhoswe, popanda ngakhale mbale yopita kwa makolo. Pano ndiyenera kuulula kuti bukuli silobisa mau pa za m'cipinda. Nthawi zina mdzukulu wanga anali kukhala cete, natembenuza masamba anai kapena asanu msanga-msanga, nanena kuti, "Apa akungoceza, Agogo." Agogo acewo tsiku lina anayankha kuti, "Anthu awa amaceza kwambiri." Tonse tinayang'ana kumbali.

Mlamu wanga sanasamale za cikondi. Iye anakwiya ndi ng'ona. Remy asunga ng'ona pafupi ndi bwato limene akhalamo, naipatsa cakudya ngati galu, naicha dzina lakuti Useless, ndiko kuti wopanda pace. Mphunzitsi uja anayesa kulongosola kuti ng'ona za kumeneko, zochedwa alligator, siziri zaukali ngati zathu za mu Kafue, koma msodziyo anapukusa mutu. Anati munthu amene anaikapo m'bale wace wogwidwa pa dooko sangalembe nthabwala za ng'ona, ndipo wolembayo aoneka kuti madzi amawaonera pa mlatho. Anadabwanso pakumva kuti a Cajun ayesa crayfish cakudya ca phwando, tinkhanu tamicira tija. Mtundu wina wa tinkhanu timeneti, wocokera ku Australia, unafalikira mu mtsinje wathu kuyambira m'zaka zoyamba za 2000, ndipo kwa msodzi ndi mdani, pakuti tidya nsomba zokodwa mu ukonde mwini wace asanafike.

Apo ndi pamene Mubemba uja anapezera polowera. "Basi nawadziwa anthu aba! Ni bakum'mawa ba ku Amereka. Ciliconse coyenda ni ndiwo. Bapatseni mbewa muone." Ine ndinamkumbutsa za anyani amene anatha m'nkhalango za kwao, ndipo tinaseka monga tacitira zaka makumi anai. Titamva kuti ndiwo yao yochuka, gumbo, nthawi zambiri aiphika ndi therere, ndi kuti liulo linacokera ku zinenero za kuno ku Afirika pamodzi ndi akapolo, mkazi wanga anati ndiye kuti ndi abale athu ndithu, angosowa nsima.

Tsopano ndifike pa cimene candicititsa kulemba.

M'bukumo a Cajun salankhula Cingelezi ca kusukulu. Wolemba anapotoza malembo kuti amveke monga alankhulira, nasakanizamo mau a Cifalansa. Mdzukulu wanga anafuna njira yakuti ife timve kusiyana kumeneku. Rachel wa mu mzinda anampatsa Cinyanja ca m'tauni, ca "manje" ndi "nifuna" ndi "manzi". Koma pofika pa Azakhali a Lulu anakweza mapewa, nacepetsa liu, nayamba kukoka mau: "Kodi mwanawe, udzakwatira liti tsopano? Ine ndithu mtima wanga uli kuwawa." Khonde lonse linagwa ndi phwete. Mubemba uja anacita kugwira nthiti.

Ine sindinaseke. Limenelo linali liu la amai anga.

Ndinafika ku Kafue mu 1973 kucokera ku Katete, ndiri ndi zaka 22. Tauni inali kukula msanga masiku amenewo: fakitale ya feteleza inali itatsegulidwa mu 1970, ya nsalu inali kulemba anthu, ndipo nyumba za ku Kafue Estates zinali zatsopano. Anthu anacokera ku zigawo zonse za Zambia. Sabata yoyamba ndinalowa m'sitolo ina, ndinaomba m'manja monga anandiphunzitsira makolo, ndi kunena kuti, "Zikomo, ndiri kufuna sopo ndi mcere." Wogulitsayo anaitana anzace. "Bwerani mumvere Baibulo ikamba!" Anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ine, posadziwa, ndinabwereza kawiri. Ndinaturuka ndi sopo wanga, koma Cicewa canga ndinacisiya pa khomo la sitoloyo. M'miyezi yocepa ndinali kukamba "manje" kuposa obadwira ku Lusaka.

Cimene cindiwawa kopambana si ca m'sitolo ai. Ana anga sindinawalankhulepo Cicewa ca kwathu. Amai atabwera kudzationa, ana anali kubisala kuseri kwa citseko namayesezera malankhulidwe ao, ndipo ine sindinawadzudzule. Tsiku lina, anzanga a ku nchito ali pafupi kufika, ndinapempha amai kuti akapumule ku cipinda. Anandiyang'ana, natenga mphasa yao, napita osanena kanthu. Anamwalira ku Katete mu 1991, ndipo nkhani imeneyo sitinaikambepo.

Usiku womwewo wa kuseka, mphunzitsi uja ndiye anayamba kutsutsa bukulo, ngakhale sanadziwe za mumtima mwanga. Anati wolembayo watenga mtundu wa anthu amene anaona mabvuto nawasandutsa zidole zoseketsa alendo. Anatikumbutsa mbiri yao. Makolo a anthu awa anali olankhula Cifalansa okhala ku Acadia, dziko limene lero liri mbali ya Canada. Kuyambira mu 1755 Angelezi anawathamangitsa, natentha midzi yao, nawakweza m'zombo. Ambiri anafera m'njira, ndipo ena mwa otsala anakafika ku madambo a Louisiana, nakhala asodzi, osaka nyama ndi alimi. Mu 1921 malamulo a Louisiana anakhazikitsa Cingelezi cokha m'masukulu, ndipo ana ogwidwa akulankhula Cifalansa anali kulangidwa. Ana amenewo atakula anakana kuphunzitsa ana ao cinenero cimene cinawadyetsa manyazi. Pamene boma la kumeneko linakhazikitsa bungwe la CODOFIL mu 1968 kuti licitsitsimutse, mbadwo wathunthu unali utacitaya kale. Ndipo anaonjeza, motsitsa mau, kuti iyenso anakwapulapo ana cifukwa colankhula cinenero ca kwao, m'zaka zimene Cingelezi cinali colamulidwa kuyambira Giredi 1 potsata lamulo la maphunziro la 1966.

Mdzukulu wanga sanagonje. Anati, "Aphunzitsi, mwamva mbali imodzi. M'buku lonseli ndani ali ndi nzeru kuposa Azakhali a Lulu? Amene aseka zobvala zao ndi mau ao, mawa lace ali pa khomo pao kufuna mankhwala. Ndipo mkazi wophunzira wa mu mzinda ndiye asiya zonse kutsata anthu a ku dambo. Kodi kumeneko ndi kunyoza?" Ananenanso kuti iye anakonda kuona mwamuna wa zipsera akukondedwa monga ali, ndi mkazi wodzisankhira yekha.

Ndinagona mocedwa usiku umenewo. Ndinaganizira za Mubemba uja, amene wandinyoza za mbewa kuyambira tiri anyamata, ndipo sanandipweteke mtima ngakhale tsiku limodzi. Cimbuya ca a kum'mawa ndi Abemba cinabadwa pa nkhondo za Angoni ndi Abemba za kale, ndipo ciri ndi mtengo wace. Mbuya akunyoza pa gulu, inde, koma maliro akagwa pakhomo pako ndiye ayamba kufika, natema nkhuni, nakumba manda, nakupaka ufa kumaso kuti useke pakati pa misozi. Pamene tinataya mwana wathu wacisamba, munthu ameneyu anagona panja pa nyumba yanga usiku utatu. Wa m'sitolo uja sanandidziwe dzina, ndipo sanafune kulidziwa. Kuseka kwao kunamveka cimodzimodzi m'khutu, koma wina anali atalipira ndipo wina anaba.

Nanga Mai Sandra Hill ali mbali iti? Iwo si mbuya wa a Cajun. Ndi mlendo wogulitsa mabuku, ndipo mphunzitsi uja sananame ponena kuti nthabwala zina za m'bukumo nzonenepetsa dala. Komabe ndinamvetsera mpaka tsamba lotsiriza ndi khutu la munthu amene anasekedwapo, ndipo sindinapeze pamene nkhalamba ija inatumizidwa ku cipinda alendo akafika. Iri pakati pa bwalo kuyambira poyamba mpaka pa ukwati. Pa cimeneco wolembayo anandiposa ine.

M'mawa ndinauza mkazi wanga zonsezi. Iye anabadwira ku Matero, ndipo sanacedwe kundikumbutsa tsiku limene ndinamfunsira pa mpope mu 1975, pamene ndinaiwala Cinyanja ca m'tauni cifukwa ca mantha, ndi kunena kuti, "Ndakukondani, ndipo ndifuna kumanga nanu banja." Anaseka mpaka anatula cidebe pansi. "Koma mawa lace munandipeza pa mpope pomwepo nthawi yomweyo," iye anatero. "Anyamata a m'tauni anali kuniuza 'nikufuna'. Inu nokha ndinu munakamba za banja."

Madzulo ace ndinafunsa mtsikana uja kumene anaphunzira malankhulidwe amene anapatsa Azakhali a Lulu, popeza agogo-aakuru acewo sanawaone. Anadabwa. "Kwa inu, Agogo. Mukamapemphera, ndiponso mukakwiya." Anati anasankha liu limenelo cifukwa nkhalamba ya m'bukuyo ikalankhula onse amakhala cete, ndipo Cinyanja ca m'tauni cinali kumcepera. Ndinamuuza kuti ngati ndi tero acite bwino, pakuti munthu wamkuru wa ku Katete sanena "ndithu" pa mpweya uli wonse, ndipo sangafunse mnyamata za ukwati pa maso pa anthu popanda kuzungulira ndi mwambi. Kuyambira tsiku limenelo nchito inagawidwa: iye anali kundiuza zimene nkhalambayo yanena, ndipo ine ndinali kuzibveka Cicewa ca amai. Khonde linali kusekabe, Mubemba uja koposa onse, ndipo mtsikanayo anayamba kulemba mau ena kumbuyo kwa kope lace la masamu.

Tinatsiriza bukulo patapita masabata asanu. Mlamu wanga anabwerera ku Chanyanya asanakhululukire ng'ona ija. Mphunzitsi uja anati maganizo ace sanasinthe ngakhale pang'ono, napempha kuti alibwereke kuti akaone bwino zolakwa zace m'Cingelezi ceniceni, pamodzi ndi masamba aja a kuceza. Mpaka lero sanalibweze.