Ku Wales denga limanena kwawo kwa mwala

Kwathu tikati sileti timakumbuka kabolodi kamene agogo ankalembapo kusukulu ya mishoni. Kuno kumpoto kwa Wales, komwe ndimathandiza mmisiri wofolera nyumba, mwala womwewo ndiye malata awo. Amaung'amba kukhala timapale topyapyala n'kukhomera padenga. Denga lotere limadutsa zaka 100, ndipo kawirikawiri imayamba kutha ndi misomali, mwala ukadali nganganga.

Mlendo amati madenga onse ndi otuwa. Dikirani mvula ivumbe, ndipo kunoko sichedwa. Sileti ya ku Penrhyn, pafupi ndi tauni ya Bethesda, ikanyowa imaoneka ngati khungu la biringanya, chifukwa cha chitsulo chimene chili m'mwalamo. Ya ku Blaenau Ffestiniog ndi yotuwa moderako, ngati mtambo wa mvula. Ine imene imandisangalatsa ndi yobiriwira ya ku Lake District, ku England, yochokera ku phulusa la mapiri ophulika. Ndi yokhuthala, yokhakhala, ndipo poikweza pamakwerero msana umadandaula.

Masiku ano sileti yambiri yatsopano imachokera ku Spain. Ndi yoderako, mtengo wake ndi wabwinoko, ndipo ina ndi yolimba ndithu.

Mwezi watha gogo wina wa ku Bethesda anatiitana denga likudontha m'chipinda chogona. Panafunika timapale pafupifupi 40. Bwana wanga anawauza kuti ya ku Spain tikhoma mawa lomwe, koma ya Penrhyn yakale, yochotsedwa pa nyumba zogumulidwa, tiyenera kuisaka ndipo idula. Gogoyo anasankha kutchera mabeseni milungu iwiri. Agogo awo aamuna anali m'gulu la anthu amene ananyanyala ntchito pa mgodi wa Penrhyn kuyambira 1900 mpaka 1903, mabanja n'kugona ndi njala. Chigamba chakuda pakati pa mwala umene anthu akwawo anang'amba ndi manja sanachifune.

Bwana ankati n'kuuma mutu basi. Ine ndinali mbali ya gogo, ngakhale ndine amene ndinauma zala ndi chisanu posankha timapaleto pamulu. Kalikonse umakagogoda ndi hamala: kakalira ngati belu n'kabwino, kakangoti phu ndiye kuti kali ndi mng'alu, kataye.

Titamaliza ndinatumizira amayi chithunzi pa WhatsApp. Anandifunsa ngati denga la miyala limachita phokoso mvula ikamagwa. Ndinati ayi, simumva n'komwe. Iwo akuti, ndiye mumadziwa bwanji kuti yabwera?