Ngongole ya pafoni ija inakandipeza kubanki

Anyamata anzanga a padoko, iyi werengani mpaka kumapeto, mwina wina apulumukirapo.

Mwezi watha ine ndi mayi akunyumba tinapita kubanki ina ku Mangochi kukafunsa ngongole yomangira nyumba. Lendi yatitopetsa. Iwowo ndi aphunzitsi a kupulayimale, koma malipiro awo okha sakanakwanira ndalama timafunazo, ndiye tinagwirizana zolembetsa tonse awiri. Ine mantha ndinalibe. Injini zambiri za maboti kwathu kuno zimadutsa m'manja mwanga, ndipo usipa ukamafa bwino ndimapeza kuposa iwowo.

Mayi wa pabankipo anatenga ziphaso zathu za unzika n'kulowetsa manambala mu kompyuta. Dzina la akazi anga loyera bwinobwino: anakongolapo kawiri, kubweza osaphonya mwezi. Atafika pa langa anakweza maso. "Bambo, pali K40,000 munakongola pafoni, simunabweze."

Aise, thukuta kamukamu. Ndalama ija ndinaitenga nthawi ya mwera, maboti ali pamtunda, kopanda wobwera ndi injini yoti ndikonze. Atayamba kunditumizira mauthenga ndinangothyola simu ija n'kugula ina, kumadziona ngati dolo. Ndinaiwala kuti simu timalembetsa ndi chiphaso chomwechi. Kuli mabungwe otchedwa credit reference bureau, oyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, amene amasunga mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole. Banki isanakupatse kanthu imayamba yafunsa kumeneko. Ndipo mukalembetsa awiri, dzina loyera silitsuka lakuda. Langali ndi lomwe linakokera la akazi anga pansi.

Vuto lina, ndalama zanga zilibe mapazi. Eni maboti amandilipira pamanja, ena ndi ndowa ya usipa. Banki imafuna sitetimenti, osati kulumbira. Anatiuzanso kuti malo opatsidwa ndi amfumu, opanda lizi, sangakhale chikole.

Koma chomwe chinandiwawa si kukanidwako ayi. M'minibasi pobwerera ku Monkey Bay mayi akunyumba anali duu njira yonse. Titatsika anangoti, "Bwenzi mutandiuza, tikanabweza limodzi kalekale." Munthu wasunga dzina lake zaka zonsezi, ine kukamuchititsa manyazi pamaso pa anthu chifukwa cha ndalama yosakwana n'kugula pulopela.

Ngongole ija ndabweza, ndi chiwongoladzanja chake chomwe, ndipo ndasunga umboni wake. Pano aliyense wobweretsa injini ndimamulembera lisiti, ndalama n'kuiponya ku akaunti isanagone m'thumba. Tidzayesanso chaka chamawa.

Ndiye iwe amene uli ndi kangongole pafoni, ukuti ndi kakang'ono, kabweze usipa ukadalipo. Ngati uli pabanja, auze akunyumba lero lomwe, asadzakamvere pakauntala ngati anga. Tumizirani ena.