Tsitsi la Pamphumi Limathera M'manja mwa Ife Omanga

Ntchito yanga ndi yomanga tsitsi kuno ku Dedza, ndipo ndikunena motsindika kuti amayi ambiri amene tsitsi lawo latha pamphumi ndi pamwamba pa makutu sanadwale, sanalodzedwenso. Tsitsilo linazulidwa pang'onopang'ono ndi manja a ife omanga. Tikagawa mzere ndi chipeso, timatapa tsitsi pang'ono n'kulumikizapo mesh. Tikatapa lochepa kwambiri, n'kulisenzetsa mesh yaitali yolemera, kenako n'kukoka mpaka khungu kunyamuka, mizu imakhala ikukokedwa usana ndi usiku osapumira. Tsitsi la pamphumi ndiye lanthete kuposa lonse, n'chifukwa chake limayambirira kugonja. Zizindikiro sizibisika: tiziphuphu m'mphepete mwa mizere, litsipa, nsidze zokwera m'mwamba, ndi mayi kukanika kugoneka mutu pa pilo usiku woyamba.

Zimene timaona m'saluni madokotala a khungu anaziwerengera. Mu 2007, Dr Nonhlanhla Khumalo ndi anzake a ku University of Cape Town anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku Langa, mumzinda wa Cape Town. Anapeza kuti amayi pafupifupi 32 mwa 100 alionse anali ndi vuto la tsitsi lotha chifukwa chokokedwa, ndipo mwa atsikana a sukulu anali 17 mwa 100 alionse. Ngozi inakula kwambiri pamene tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala linamangidwanso mokoka. Chifukwa chake n'chomveka: mankhwala ambiri owongolera tsitsi ali ndi sodium hydroxide, amene amalifooketsa, ndiye ife n'kudzalipachikanso katundu. Vutoli likadziwika msanga tsitsi limameranso, koma kukokako kukapitirira zaka, muzu umafa, pamatsala khungu losalala lonyezimira limene mafuta alionse sangalidzutse.

Kamangidwe kanga kamachokera pamenepo. Timatsitsi tating'ono ta m'mphepete mwa mphumi ndimatisiya osamanga. Kutsogolo ndimatapa tsitsi lochuluka ndi kuchepetsa mesh, kuti katundu agawike pa mizu yambiri. Mizere ndimaisintha kolowera ulendo uliwonse, kuti malo amodzi asamangovutika okha. Mutu umene wangothiridwa mankhwala sindiumanga pasanathe masabata awiri, ndipo zomanga zisapitirire masabata 6 pamutu, kenako tsitsi lipume lisanamangidwenso. Kuno kumapiri tili ndi vuto lathu lina. Mu Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imaumitsa tsitsi mpaka kumathyoka, madzi amazizira moti anthu amazengereza kusambitsa m'mutu, ndiye zomanga zimakhala miyezi itatu pansi pa duku womangidwa mothina pamzere womwewo wa pamphumi. Nyengo imeneyi tsitsi limafuna madzi ofunda, mafuta pang'ono ndi duku womasuka.

Anzanga ena amati zomanga mofewa sizikhalitsa, ndipo mayi amene wapeza ndalama movutikira pogulitsa kachewere ku Bembeke kapena pa Lizulu sangalole kulipira zinthu zophwasuka sabata imodzi. Nkhawayo ndi yoona, koma kulimba kwa zomanga kumachokera pa kugawa mizere mofanana ndi kuluka mogwira m'litali mwa tsitsi, osati pa kukoka patsinde. Komanso tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kotero ngakhale womanga akoke chotani, patsinde pamadzafewa ndithu. Kukoka kumangowonjezera masiku owerengeka aukhondo, pamene mtengo wake ndi mphumi imene mayiyo adzaibise ndi wigi moyo wake wonse.

Ena amati si tsitsi lonse lothothoka limene lathothoka ndi omanga, ndipo akunena zoona. Dazi ndi lakumtundu. Mayi akabereka, tsitsi limayoyoka pakapita miyezi iwiri mpaka inayi, n'kudzabwerera lokha. Kuchepa kwa magazi nakonso kumalipepuza, ndipo apa nyemba, usipa ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe zimathandiza kuposa zodzola. Chipere, chimene chimayenda kudzera m'zipeso ndi makina ometera obwerekana, chimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala, monga cha boma cha Dedza, chifukwa odzola okha safika kumizu. Ndipo munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, choncho lodzaza dzanja limene limatuluka pomasula zomanga za mwezi wathunthu si matenda. Koma zonsezi zikungolimbikitsa mfundo yanga. Womanga wodziwa kusiyanitsa zimenezi amadziwa woyenera kumutumiza kuchipatala, ndipo amadziwanso kuti tsitsi la mayi woyamwitsa kapena wochepa magazi ndi lofooka kale, silifunika kukokedwa n'komwe. Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi, koma sangateteze muzu umene ukuzulidwa.

Chodzikhululukira chomaliza n'chakuti kasitomala ndiye amapempha yekha kuti timukoke, poti amakhulupirira kuti kutchena n'kupirira. Koma wokhala pampando saona pamutu pake. Amene amaona khungu likufiira ndi womanga, ndiye udindo ndi wake. Zimapweteka kwambiri kwa ana, amene amalira akumangidwa, akulu n'kumawakalipira kuti akhale chete, chonsecho kulirako ndiye chenjezo lenilenilo. Mtsikana amene wayamba kukokedwa tsitsi ali ku pulayimale amadzafika pa ukwati wake mphumi itapita kale. Choncho amayi anzanga, zomanga zikamapweteka, nenani nthawi yomweyo kuti womanga amasule, ndipo ngati akana, nyamukani. Ife omanga tiziyeza luso lathu poona ngati makasitomala amene takhala tikuwamanga zaka 10 akadali ndi tsitsi pamphumi.