Tsiku limene ndinawotcha ampu ya besi ya sukulu

Sabata yatha ndinalandira uthenga kuchokera kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo. Pano ndi bambo wapabanja, ali ndi kabandi kake, ndipo akuti wasonkhanitsa tindalama toti agule ampu ya gitala ya besi, ndiye ndimulangize. Ndinaseka ndekha, chifukwa iyeyu anaona ndi maso ake tsiku limene ine, mphunzitsi wake wa fizikisi, ndinawotcha ampu ya sukulu. Ndaganiza zomuyankha pompano kuti enanu mupindule nawo.

Nkhani yake inali yotere. Ana a bandi ya pasukulu anavutika matemu awiri, kugulitsa mandasi ndi kuchita zisudzo, mpaka tinagula ampu yogwirapo kale ntchito pamodzi ndi mabokosi awiri a masipika. Kuseli kwa ampuyo kunalembedwa kuti isalumikizidwe ku katundu wochepera maohm 4. Bokosi lililonse linali la maohm 8, ndipo awiriwo akalumikizidwa mwa parallel amapanga 4. Zonse zinali bwinobwino.

Tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4, holo inadzaza ndipo besi simamveka kumbuyo. Ndinabwereka bokosi lachitatu, nalonso la maohm 8. Ndikulumikiza, mnyamata uja, amene ndiye ankaimba besi, ananong'ona kuti, "Sala, kodi atatuwa sabwera pansi pa 4?" Ine ndinamuyankha mwamatama kuti asiye za akuluakulu. Nyimbo yachinayi isanathe, kunamveka fungo la pulasitiki wopserera, kenako besi inangoti zii. Gawani 8 ndi 3, mupeza 2.7. Ohm akachepa, ampu imakakamizika kutulutsa magetsi ochuluka kuposa mphamvu zake, imatentha, ndipo yathuyo inalibe chodzitetezera chokwanira. Samu imeneyi ndinali nditawalembera anawo pabolodi temu yomweyo. Ndinalipira wokonza ndi malipiro anga kwa miyezi iwiri, koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhope za ana aja atanyamula ampu yakufa kubwerera nayo ku stafu.

Tsono iwe mwana wanga, ndi ena amene mukufuna kugula, nazi zimene ndinaphunzira.

Choyamba, besi imafuna ampu ndi sipika zakezake. Nsambo yaikulu ya besi ya nsambo zinayi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ya besi ya nsambo zisanu ka 31, pamene nsambo yaikulu ya gitala wamba imanjenjemera ka 82. Kuti mawu otsika chonchi amveke, sipika iyenera kukankha mpweya wambiri. Amene munaonapo babatoni wa Madalitso Band mukudziwa chifukwa chake thupi lake ndi lalikulu chotero. Mukaimbira besi mokweza pa sipika ya gitala wamba kapena ya wailesi, pepala lake limasuntha kupyola malire ndipo limang'ambika. Ngakhale Leo Fender atatulutsa Precision Bass mu 1951, anaipangira ampu yake, Bassman, chaka chotsatira.

Chachiwiri, mawati asakupusitseni. Funsani mawati a RMS. Manambala akuluakulu olembedwa PMPO ndi okopera ogula basi. Dziwaninso kuti kuchoka pa mawati 100 kufika pa 200 kumangowonjezera madesibelo 3, kusintha kochepa ndithu ku khutu, ndipo kuti phokoso limveke ngati lawirikiza pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. M'kalasi kapena kunyumba mawati 30 akwana. Pamene pali ng'oma ndi holo yodzaza, ine sindingagule yochepera 200, ndipo 300 ndi yabwinoko chifukwa siivutika. Onetsetsaninso kuti mawati olembedwawo ndi a pa maohm angati, pakuti ampu zambiri zimapereka mphamvu yonse pa maohm 4, ndipo pa 8 zimapereka yocheperapo.

Chachitatu ndi bokosi. Maganizo anga tsiku lija sanali olakwika kwenikweni, chifukwa kuwonjezera masipika kumathandiza kuposa kungowonjezera mawati. Ndinalakwa samu. Ngati ampu imalola maohm 4, gulani bokosi limodzi la maohm 8 lero, kuti mawa mudzathe kuwonjezera lachiwiri. Mukagula la maohm 4, mwatseka njira, chifukwa awiri a 4 amapanga 2. Masipika a mainchesi 10 anayi m'bokosi limodzi amamveketsa noti iliyonse pakati pa zida zina, pamene sipika imodzi ya mainchesi 15 anthu ambiri amaikonda pa rege, ngati uja wa ku Chileka. Komabe kapangidwe ka bokosi kamasintha zambiri, choncho pitani ndi gitala yanu mukayese nokha.

Ganiziraninso msana wanu. Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969 ndi mawati 300, ndi yotchuka dziko lonse, koma mutu wake wokha umalemera pafupifupi makilogalamu 40, osawerengera bokosi la masipika 8. Masiku ano ampu za Class D zimapereka mawati 500 zikulemera makilogalamu 2 kapena 3 okha. Kwa munthu woyenda pa minibasi kapena kabaza, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Ambirife timagula za kaunjika, ndiye samalani. Magetsi athu kuno ndi a mavoti 230, pamene ku America ndi 120. Ampu yochokera kumeneko, ngati ilibe posinthira kapena sinalembedwe kuti imalandira onse, ifa pa sekondi yoyamba mukaibaya pakhoma popanda thiransifoma. Bokosi liyeseni ndi mita: la maohm 8 limaonetsa pafupifupi 6, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala mofanana mbali zonse. Mukamva kukhuzana, koyilo inapsa kale, lisiyeni.

Pogwiritsa ntchito, musalumikize ampu ku bokosi ndi chingwe cha gitala ngakhale mitu yake ikufanana. Waya wake wam'kati ndi wowonda, amatentha, ndipo angathe kuipha ampu. Ampu ya mavalavu musaiyatse popanda sipika. Yatsani voliyumu ili pansi. Kanyali kofiira kolembedwa clip kakamayaka nthawi zonse, chepetsani gain. Besi ikapanda kumveka, musathamangire kukweza batani la bass, lomwe limadya mphamvu n'kungobweretsa mgugu. Kwezani pang'ono la mid, mudzadabwa. Bokosi likakhala pafupi ndi khoma kapena pakona, mawu otsika amakula popanda kulipira kanthu. Magetsi akathima, zimitsani ampu msanga, ndipo akabwera kapena jenereta ikalizidwa, dikirani kaye akhazikike. Pamalo paakulu, tengani waya kuchokera pa DI kupita ku mikisa kuti masipika aakulu asenze katunduyo. Ndikanachita zimenezi tsiku lija, ampu ya ana ija sikanapsa.

Chinthu chimodzi chinasintha m'kalasi mwanga kuchokera nthawi imeneyo. Ndikafika pa mutu wa parallel, ndimabweretsa mabokosi awiri ndi mita, ana ayeze okha, kenako ndimawauza nkhani yanga yonse osabisa. Amaseka, koma samuyo saiiwala. Aphunzitsi anzanga, mwana akakufunsani funso pamene mwatanganidwa, imani kaye mumumvere.

Ndipo kwa iwe amene unandilembera: gula mutu wa mawati 300 kapena kuposerapo ndi bokosi limodzi la maohm 8, lachiwiri udzagula ndalama zikapezeka. Tsiku lija unkanena zoona, ndipo sindinakupepese. Pepa. Ukadzaimba kufupi ndi kuno undiuze, ndidzabwera kudzamvera, ndipo mawaya sindidzawakhudza.