Zotaya zina n'zomangira, zina n'zodwalitsa



Lero tikambeko za kumanga. Mtengo wa simenti mukuudziwa nokha. Ine ndikamayenda muno mu Kwacha ndimaona kuti anthu anayamba kalekale kumanga ndi zinthu zimene ena anataya. Mapaleti asanduka mabenchi a pamsika. Migolo yoiphwanya n'kuiwongola yasanduka zitseko. Matayala akutha odzaza dothi akutchinga madzi a mvula kuti asakokolole maziko. Musachite nazo manyazi zimenezi, ndi nzeru ndithu.

Mukagumula khoma, zibenthu za njerwa musalipire munthu kuti akazitaye. Ziphwanyeni, muzitsindire bwino pansi musanathire konkire, mwapulumutsa ndalama ya miyala. Utuchi umene waunjikana kumalo ochekera matabwa kuno ku Kitwe umatha kuotcha njerwa, mitengo n'kutsala ili chiimire.

Nanga phiri lakuda lija la ku Wusakile, Black Mountain? Ndi slag, zotsala posungunula mkuwa ku Nkana kuyambira m'ma 1930. Akale ankaziona ngati zinyalala basi, koma lero anthu akulimbirana chifukwa mudakali mkuwa ndi cobalt. Mu June 2018 mbali ina inagumuka, anthu osachepera 10 anafera pomwepo. Kumaiko ena slag amaiyeza kaye, kenako n'kuipera yosakaniza ndi simenti kapena kuithira mumsewu. Mwamva? Amayamba ayeza.

Pamenepo mpamene pali nkhawa yanga. Mchenga wosalala wa kumadamu a zotsala za mgodi umaoneka bwino ndipo ena amaugulitsa motchipa, koma mumakhala asidi ndi zitsulo zoipa. Kumbukirani February 2025, damu la ku Chambishi litaphulika, zoipa zinalowa mu Kafue mpaka madzi a m'mipopi kuno anatsekedwa. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu udakali m'dothi ndipo ana akudwala nawo mpaka pano. Ndiye mchenga wotere mukapakire chipinda chogona mwana wanu, eti?

Chinanso ndi madenga akale a asbestos a nyumba za khonsolo. Akasweka musawaphwanye kuti mukwirire maenje pabwalo, ndipo musawacheke ndi sowo. Fumbi lake likalowa m'mapapo limakhala momwemo, matenda amadzatulukira patapita zaka zambiri.

Inu ogulitsa mchenga ndi miyala, wogula akafunsa kumene mwatenga, muuzeni zoona. Inu omanga, funsani musanatsitse katundu pa lole. Njerwa zakale, matabwa, migolo ndi matayala, tolani ndithu. Za kumgodi zosayezedwa zisalowe pakhomo panu, olo akupatseni ulere.

Mugulitse bwino lero, ndipo uthengawu muuzeko mmisiri amene akukumangirani.