Zilembo zinayi za agogo

Mnzanga wina wa kuno ku Troyeville akupeka chiyankhulo cha anthu a m'buku lomwe akulemba. Wafika nacho patali: chili ndi aneni, mayina a miyezi, ngakhale mawu otukwana. Loweruka lina tikudya nkhuku ya piripiri pa Troyeville Hotel, anandifunsa, poti ndine womasulira, kuti boma la m'bukulo lizifupikitsa bwanji mayina a maunduna ake. Iye ankafuna kutengera Esperanto, chiyankhulo chomwe L. L. Zamenhof anatulutsa mu 1887. Olankhula Esperanto ali ndi mabungwe ngati UEA ndi TEJO, ndipo njira yake ndi yongotola chilembo choyamba cha mawu alionse basi.

Ndinamuuza kuti ayambe wamva za agogo anga.

Agogo aamuna anabwera kuno ku Joni ndi Wenela. Dzinali ankalitchula ngati la munthu: Wenela anatitenga, Wenela anatipima, Wenela anatibweza. Ine ndinakula ndikudziwa Wenela ngati depoti ya mabasi ku Blantyre. Ndinali kale ku yunivesite pomwe ndinaona zilembozo papepala: WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe la eni migodi lolemba anthu ntchito. W, N ndi L zagundana popanda lembo la liwu pakati, chonsecho kwathu phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu. Anthu a m'migodi, Amalawi, a ku Mozambique ndi ena, anangolowetsamo ma e awiri, dzina n'kukhala lotchulika. TEBA itabwera mu 1977 tinaisandutsa Theba. ADMARC ndi Adimaki. AIDS ndi Edzi, ndipo ana ambiri lero sadziwa n'komwe kuti poyamba zinali zilembo.

Chovuta ndi kupanga chidule kuchokera m'Chichewa chenichenicho. Ndinayesapo bungwe lina litandipatsa ntchitoyo, ndinalephera. Taonani: Bungwe la Amayi, Bungwe la Alimi, Bungwe la Aphunzitsi, Bungwe la Achinyamata. Onsewa ndi BLA. Kumayambiriro kwa dzina la Chichewa kumakhala chizindikiro cha gulu la dzinalo, tanthauzo limakhala m'kati. Ukatola chilembo choyamba watola makoko, mtedza wausiya. Anzathu omwe anapanga Frelimo mu 1962 anatola maphatikizo athunthu, monganso anachitira omwe anatcha Soweto, ndipo njira imeneyo ndi yomwe ingatiyanje.

Koma pali china chomwe chimandisowetsa mtendere. Mu Wenela muli mawu oti "Native", omwe azungu ankatchulira munthu wakuda pomuchepetsa. Ma e awiri aja anawakwirira bwinobwino, moti agogo anawanyamula pakamwa moyo wawo wonse osawamva. Nkhanza zake ankazidziwa, zinali m'chifuwa mwawo momwe munkalira usiku. Ankakumbukanso za ndege ya Wenela yomwe inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 akubwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a ku migodi. Koma dzinalo ankalitchula mofewa, nthawi zina mwachisangalalo, poti njinga ndi malata a nyumba yathu zinachokera komweko. Ndikamamasulira zikalata ndimadzifunsa ngati ndiyenera kumasula chidule chotere kuti owerenga aone zomwe zili m'kati. Nthawi zambiri ndimamasula, ngakhale chiganizo chitalike.

Mnzangayo anamvetsera, kenaka anatsegula kope lake. Anati boma lake lizilemba zilembo zake zouma, koma anthu a m'misika ya m'bukulo azitchula mwawomwawo, ndipo kuti ine ndimuyesere. Anandilozera unduna wosunga chakudya cha dziko: PLB.

Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka "Palibe."

Nditamumasulira anaseka mpaka kutsamwa ndi tsabola, n'kutenga cholembera.