Vesiti ya Mnyamata wa ku Kanyama

Ife amene tikhala m'makomboni a Lusaka tidziwa bwino kuti mpira suli masewera cabe. Pa bwalo lililonse la fumbi, kaya ku Matero, ku Chawama kapena ku Kalingalinga, ana amene ali kuthamangitsa cimpombwa opanda nsapato asenza maloto a banja lonse. Makolo atamva kuti Patson Daka wapita ku Leicester City mu 2021, ndi kuti Barbra Banda walowa timu ya Orlando Pride ku America mu 2024, anayamba kuyang'ana miyendo ya ana ao ndi maso ena. M'miyendomo aonamo thumba la unga, ndalama za lendi ndi nsapato za kusukulu za ana ang'onoang'ono.

Madzulo ena, titatha mapemphero a mphakati kuno ku Kanyama, mai wina wamasiye anatsalira. M'manja mwake munali vesiti yoyera ya mwana wake, mnyamata wa zaka 19 amene asewera m'timu ina yaing'ono, ndipo matimu akuluakulu anayamba kale kumuponyera maso. Pa vesitiyo mnyamatayo analembapo ndi inki yakuda kuti, "Kanyama ifuna madzi abwino." Anakonza zoti tsiku limene adzagoletse cigoli, adzakweze jezi kuti khamu lonse liwerenge.

"Aphunzitsi," anatero maiyo, "mulankhule naye mwana wanu uja. Akacita zimenezi adzati walowa ndale. Nanga ife tidzadya ciani?"

Sitinathe kuyankha msanga, pakuti onse awiri anali ndi mfundo. Mu January 2024, pamene kolera inavuta mu Lusaka, bwalo la Heroes, limene mnyamatayo alota kudzaseweramo, linasandutsidwa cipatala ca odwala matendawo. Mlongo wake wamng'ono anagonekedwa komweko. Iye anacira, koma ana ena a m'komboni mwathu sanabwerere. Mnyamata amene anaona zotere sitingamuuze kuti ali kucita cibwana. Komanso mai ake sananame. Malamulo a mpira aletsa wosewera kuonetsa mau a ndale pa zovala zam'kati, ndipo eni matimu sakonda mnyamata amene angawayambanitse ndi anthu amphamvu.

Tsiku lotsatira tinakhala pansi onse atatu, ndipo tinawafotokozera za anthu awiri amene anayenda njira imeneyi.

Woyamba ndi Colin Kaepernick, katswiri wa mpira wa ku America, uja wogwira ndi manja. Mu 2014 timu yake ya San Francisco 49ers inapangana naye malipiro amene akanafika madola 126 miliyoni pa zaka zisanu ndi cimodzi. Mu 2016 iye anayamba kugwada pa nthawi yoimba nyimbo ya fuko, posonyeza kudandaula ndi mmene apolisi anali kuphera anthu akuda. Mu March 2017 anasiyana ndi timuyo ali ndi zaka 29, ndipo mwa matimu onse 32 a mpikisano wa NFL panalibe ina imene inamulemba nchito. Ena anati luso lake linali litacepa, koma iye anati eni matimu anapangana zomutsekera kunja, ndipo mlanduwo unatha mu February 2019 pa cimvano cimene ndalama zake anazibisa. Pa mamiliyoni aja sanalandire ngakhale theka. Akulu akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapacala ngwamphepo.

Ife tigwada Lamulungu lililonse, ndipo palibe amene anaticotsa nchito cifukwa ca kugwadako. Munthu ameneyu bondo limodzi linamutayitsa nchito imene anaikonzekera kuyambira ubwana. Komabe tinene zoona zonse: iye sanagone ndi njala. Anali atasunga kale cuma, ndipo mu 2018 kampani ya Nike inaika nkhope yake pa malonda ake.

Waciwiri ali pafupi ndi ife, pakuti anabadwira mu Lusaka muno mu 1976. Dzina lake ndi Henry Olonga. Anakulira ku Zimbabwe, ndipo masewera ake anali cricket, aja omenya kampira ndi cibonga. Mu 1995 anakhala munthu wakuda woyamba kusewera m'timu ya dzikolo pa mipikisano yapamwamba. Pa 10 February 2003, pa mpikisano wa dziko lonse ku Harare, iye ndi mnzake Andy Flower analowa m'bwalo atamanga kansalu kakuda pamkono, monga acitira anthu a pamaliro. Ananena poyera kuti ali kulira imfa ya demokalase mu ulamuliro wa Robert Mugabe. Olonga, amene sabisa cikhristu cake, anamvera cikumbumtima.

Onse awiri anavala kansalu kofanana, koma mtengo umene analipira sunafanane. Flower anali ndi zaka 34, nchito yake inali kupita kumapeto, ndipo timu ya Essex ku England inali kumuyembekeza. Olonga anali ndi zaka 26, msinkhu umene wosewera ayamba kukolola. Kalabu yake ya Takashinga inamucotsa, analandira mau oopseza moyo wake, anabisala ku South Africa, kenaka anathawira ku England. Sanasewerenso m'timu ya dziko lake. Pambuyo pake anasamukira ku Australia, kumene anthu ambiri anamudziwa monga woimba.

Titafika apa mnyamatayo anafunsa kuti, "Tsono, aphunzitsi, analakwa?"

Iai, sanalakwe. Koma tiyenera kuona bwino cimene anapereka. Mphunzitsi kapena kalipentala akacotsedwa nchito lero, angathe kugwiranso nchito yomweyo patapita zaka khumi. Wosewera mpira ali ngati mlimi wa dzinja limodzi. Zaka zake zokolola ndi zowerengeka, ndipo zingathe kudukizidwa tsiku lililonse. Tonse tikumbukira Enock Mwepu, amene anasiya mpira ku Brighton mu October 2022 ali ndi zaka 24 zokha cifukwa ca vuto la mtima. Cotero wosewera akataya zaka zitatu cifukwa ca mau amene ananena, wataya gawo lalikulu la nkhokwe ya moyo wake wonse. Ndipo mnyamata wa m'komboni alibe Nike kapena Essex kumbuyo kwake. Kumbuyo kwake kuli mai wogulitsa tomato pamsika ndi ana anai oyembekeza nsima.

Apa m'pamene nkhaniyo inatitembenukira ife akulu. Tikaona anthu olimba mtima pa wailesi yakanema tiwaombera m'manja, ndipo tiphunzitsa ana athu kuti munthu azinena zoona ngakhale zitavuta. Koma kodi n'cifukwa ciani mau onena za madzi a ku Kanyama analembedwa pa vesiti ya mwana wa zaka 19? N'cifukwa cakuti ife, amene takhala m'komboni muno zaka makumi atatu, amene tidziwa citsime ciliconse cimene cikumana ndi cimbudzi mvula ikagwa, tinangodandaulira pamaliro ndi m'minibasi. Tinasiya katundu wa mudzi wonse pamutu pa mwana, ndipo akanagwa naye tikanangoti, "Anali wolimba mtima," n'kubwerera kunyumba zathu. Lendi ya mai ake sitikanalipira ife.

Sitinamuletse mnyamatayo, pakuti cikumbumtima ca munthu sacimanga ndi cingwe. Sitinamutumenso, pakuti n'kosavuta kukhala ngwazi ndi mkate wa mnzako. Tinamuuza mtengo wake wonse mosabisa, ndipo tinamupempha kuti ayambe waona cimene akulu angacite. Lamulungu lotsatira nkhaniyo tinaitula ku mphakati. Tinalemba kalata yopita kwa oyang'anira za madzi, ndipo amene anaikapo maina anali anthu amene palibe angawacotse m'timu: agogo opuma pa nchito, amai a pamsika, ife aphunzitsi a katekisimu. Tinapangananso kuti ngati wina wa ife adzavutike cifukwa ca kunena zoona, banja lake silidzasowa unga ife tilipo. Mutu umodzi susenza denga.

Sitinganene kuti kalata imodzi yasintha Kanyama. Mvula ikagwa madzi adzaza m'njira monga kale, ndipo tiyenera kulembanso ndi kupitanso. Mnyamatayo ali kusewerabe, ndipo mwezi watha anagoletsa zigoli ziwiri osakweza jezi. Vesiti ija mai ake anaicapa, koma inkiyo siinacoke. Anaipinda bwino n'kuiika pansi pa bokosi la zovala. Mnyamatayo anatiuza kuti adziwa pamene ili, ndi kuti tikadzatopa ife akulu, adzaitenga.

Inu makolo anzathu a ku George, ku Mtendere ndi kwina konse, musanauze mwana wanu kuti atseke pakamwa, kapena musanamuuze kuti alankhule, yambani mwadzifunsa cimene inu eni mwanenapo, ndi cimene muli okonzeka kulipira pamodzi naye.